Manda a M'mbali mwa Nyagambe

Akimu anachoka mu mgodi wa golide wa kufupi ndi tauni ya Gatooma, kudziko la eni, m'chaka cha 1953, fumbi la pansi litamuwononga chifuwa. Dokotala wa pa mgodipo anamugogoda pamsana, namvetsera, ndipo anati asadzatsikenso pansi. Akimu anali Msilamu wa ku Mangochi, munthu wamfupi, wosakonda kulankhula. Mkazi wake Dyness anali wa ku Dedza, mwana wa m'banja la Chikhristu. Ukwati wawo anamangitsa ndi shehe wa pa komboni, ndipo kuchikazi sikunabwere munthu ndi mmodzi yemwe. Mlongo wake wa Dyness, Obadiya, amene ankagwira ntchito ku fakitale ya thonje mu Gatooma momwemo, ananena poyera kuti m'nyumba ya Mchawa sadzamwamo ngakhale madzi.

Ntchito ina inapezeka ku Hartley, tauni imene lero imatchedwa Chegutu. Kunali kampani imene inkafuna kumanga damu pa Nyagambe, kamtsinje kochokera m'mapiri a kumwera kwa Selous n'kukathira mu Mupfure. Asanayambe kumanga, eni kampaniyo ankafuna kudziwa kuti m'mapirimo mumagwa mvula yochuluka bwanji, ndiponso kuti mwa mvulayo ndi madzi ochuluka bwanji amene amatsika ndi mtsinje. Mzungu wawo, a Hoskins, ankasaka munthu wodziwa manambala komanso wosaopa kukhala kutali ndi anthu. Akimu anavomera, ndipo Dyness anamanga katundu wake mu bokosi la malata, napita naye.

Anawamangira kanyumba ka malata m'tsinde mwa phiri. Pakhomo panali chitini choyezera mvula, china chinali pakati pa phiri, china pamwamba penipeni pamene mitambo imagunda miyala. M'mawa uliwonse Akimu ankatsanulira madzi a m'chitini mu galasi la mizere, n'kuwerenga mainchi, n'kulemba pa kadi. Kumunsi kunali khoma la simenti lopingasa mtsinje, lokhala ndi mpata pakati, ndipo pambali pake panaimikidwa thabwa la manambala losonyeza kukwera kwa madzi. Lole ya kampani inkabwera kamodzi pa mwezi ndi ufa, nyemba ndi mchere, n'kutenga makadi. Nthawi ya dzinja inkabwera msewu ukalola.

Dzinja lachiwiri, mu Febuluwale, Dyness anadwala malungo. Nyagambe anali atadzaza, msewu uli matope okhaokha. Akimu anamupatsa kwinini amene anali naye mpaka anatha. Tsiku lina Dyness anadzuka akuoneka wopepukidwa, namwa phala, ndipo anauza mwamuna wake kuti akwere akawerenge chitini cha pamwamba, poti anali atachisiya masiku angapo. Akimu anakwera. Pobwera anamupeza atazizira kale.

Anamusambitsa yekha, namukulunga mu nsalu yoyera. Phiri lonse linali mwala; dothi lofewa linali pa kachigwa kokha ka m'mbali mwa mtsinje, kumtunda kwa khoma lija. Anakumba pamenepo, akupuma pang'onopang'ono chifukwa cha chifuwa, ndipo anasankha malo amene madzi anali asanafikepo chiyambire iye kuwerenga thabwa. Poopa afisi anayala miyala yaphwatalala, naikwirira ndi dothi osaunjika mtumbira. Udzu utamera, panalibe chosonyeza kuti pagona munthu. Uthenga wa maliro unafika ku Gatooma madzi atatsika, unapita ndi woyendetsa lole.

Chilimwe chimenecho a Hoskins anaonjezera zitini m'mapiri ena awiri. Ataona mmene Akimu ankatsokomolera, anati pafunika munthu wachiwiri wa miyendo yolimba. Mu Okutobala lole inabwera ndi munthuyo atakhala pamwamba pa matumba a ufa. Anali Obadiya. Anali atasiya ntchito ya ku fakitale chifukwa cha imeneyi.

“Alamu,” anatero Akimu.

“Ine ndine Obadiya. Mlamu wanu mumufune kwina.”

A Hoskins sankamva Chichewa. Anaseka, nawaloza onse awiri m'Chilapalapa cha ku migodi. “Wena Nyasa, yena Nyasa. Mushe.” Ankatanthauza kuti poti onse ndi a ku Nyasaland, zili bwino. Anatenga makadi, nakwera lole, napita.

Phokoso la lole litazimiririka, Obadiya anaika mtolo wake pansi.

“Ali kuti?”

“Ngati mukufuna kukapemphera ndikuperekezani mawa. Koma mundilonjeze kuti mukapemphera basi.”

“Ndabwera kudzamutenga. Bokosi a bungwe la maliro anakhoma kale, likudikira ku Gatooma. Akagona pakati pa Akhristu anzake, aimbiridwe nyimbo. Inu munamukwirira ngati galu, m'chinsalu.”

“Ndinamuika mmene tinawaikira mayi anga. Munthu wogona safukulidwa.”

“Amenewo ndi malamulo a kwanu. Dyness sanali wa kwanu.”

“Anali mkazi wanga.”

“Ndiye munali kuti pamene ankatsirizika?”



“Woyendetsa lole anandiuza,” anatero Obadiya. “Munali pamwamba apo, kuyeza madzi a mzungu. Mlongo wanga anafa wopanda womugwira mutu. Ine ndikadzapita ku Dedza, mayi akadzandifunsa kumene wagona mwana wawo, ndidzaloza tchire?”

“Pamenepo simupaona,” anatero Akimu, nalowa m'nyumba.

Obadiya anamanga msasa wake poteropo. Kuyambira tsikulo panali moto pawiri, miphika ya sadza iwiri. Koma ntchito inali imodzi, ndipo Akimu anayenera kumuphunzitsa. Anamuonetsa kuti galasi amaligwira mowongoka, diso lili pa mulingo wa madzi, ndi kuti chitini amachipukuta asanachibwezere. Ankaphunzitsa mokalipa, ngati kapitawo wa mu mgodi. Tsiku lina Obadiya anataya madzi pang'ono potsanulira, ndipo Akimu anamuuza kuti iye salemba bodza pa kadi, alemba kuti wataya ndi Obadiya. Zitini zonse zakutali anamupatsa iyeyo.

Obadiya sanadandaule nazo zakutalizo, poti zinkamupatsa mpata wofufuza. Ankayenda ndi kachitsulo kosongoka, n'kumabaya pansi paliponse pamene dothi linkaoneka lofewa. Akabwerako ankakhala pa mwala n'kumayang'ana kumene Akimu akupita. Akimu, amene poyamba ankapita pa kachigwa paja Lachisanu lililonse kukapemphera, analeka. Ankadutsa pomwepo popita kukawerenga thabwa, osatembenuza khosi. Chimenechi chinkamuwawa kuposa mawu onse a Obadiya, ndipo ankamuda nacho.

Obadiya anatchera misampha nakola nguluwe. Anaiwotchera kumene mphepo inkachokera kuti utsi ulowe m'nyumba ya Akimu, ndipo nyamayo anaitsukira mu ndowa imene onse ankatungira madzi. Akimu anaikwecha ndowayo ndi mchenga tsiku lonse. Patapita masiku anakwera pang'ono m'phiri, naunjika miyala pansi pa mtengo wa msuku, napita kukagwada pamenepo akudziwa kuti akuonedwa. M'mawa mwake Obadiya anapita ndi khasu ndi fosholo. Anakumba mpaka dzuwa kupendeka, manja atatuluka matuza, nangopeza thanthwe. Pobwera anapeza Akimu atakhala pakhomo akusoka malaya.

“Mwapeza chiyani?” anafunsa Akimu.

“Mulungu akuona, Mchawa iwe.”

“Akuonadi. Mawa mukwere msanga, kumwamba kwada.”

Mvula inayamba mu Novembala ndipo inali yambiri. Mu Januwale inagwa masiku otsatizana osakata. Phiri linakhuta, miyala yonse inkatuluka madzi, timakwawa timene tinali touma tinayamba kulira. M'mawa wina Obadiya anatsika kuchokera pamwamba atanyowa thupi lonse, ndipo ananena mawu ochepa a ntchito amene ankalankhulana: chitini cha pamwamba chadzaza mpaka kusefukira, palibe choyeza.

Akimu anadziwa kuti madzi onsewo sanafike kumunsi. Anatsikira ku khoma. Mpata uja sunkaoneka, khoma lonse linali pansi pa madzi ofiira, ndipo thabwa linali litatsala kamutu kokha. Mitengo yathunthu inkadutsa mizu ili m'mwamba. Anayang'ana kumtunda naona kuti mtsinje wasiya njira yake, ukudya gombe la kachigwa kaja. Dothi linkang'ambika mabuma akuluakulu n'kugwera m'madzi.

Anathamangira pamenepo, nayamba kugubuduza miyala kuti atchinge gombe. Madzi ankaichotsa asanabweretse ina. Anatsokomola mpaka kugwada, nalavula magazi pa udzu. Anakhala chogwada kanthawi, mvula ikumumenya pamsana. Kenaka anadzuka, nakwera ku msasa wa Obadiya.

“Tengani khasu ndi fosholo.”

“Za chiyani?”

“Madzi akumutenga.”

Obadiya sanafunsenso. Anatsika onse, Akimu patsogolo, ndipo atafika Akimu anaponda ndi phazi pa udzu. Obadiya anayang'ana pamalopo, nayang'ana kanjira kopita ku khoma, kamene kanadutsa pafupi pomwepo.

“Pano? Ndakhala ndikumuponda miyezi yonseyi inu mukuona?”

“Kumbani. Tikangana bwino lino.”

Obadiya ankakumba, Akimu ankachotsa miyala yaphwatalala ija ndi manja. Dzenje linkadzaza madzi, ndipo ankakapa ndi chipewa. Gombe linkasendera. Atafika pa nsalu anapeza yaola, ikuduka ikagwiridwa. Akimu anathamangira kunyumba nabwera ndi bulangete, ndipo anatola mafupa onse awiri, m'matope, akufufuza ndi zala kuti pasatsale kanthu. Obadiya atanyamula chigaza cha mlongo wake analira mokweza, koma manja sanaime. Atangochoka ndi mtolowo, gombe linagumuka ndipo dzenje linalowa mu mtsinje. Posakhalitsa thabwa la manambala nalo linazuka n'kupita. Panalibe amene anaona kuti madzi anafika pati.

Kunyumba anatsuka mafupawo, nawakulunga mu nsalu ina, nawaika mu bokosi la malata la Dyness mwiniwake. Atamaliza, Akimu ndiye anayamba kulankhula.

“Mvula ikakata tikamuike pamwamba, pamene madzi sangafike. Inu muli ndi mphamvu, mukhoza kuswa mwala. Mukaimbe nyimbo zanu, ine sindikuletsani.”

“Wabwerera kwa abale ake,” anatero Obadiya, nagwira chigwiriro cha bokosi.

Akimu anagwira chinacho. “Sachoka m'nyumba muno.”

“Unamusiya afe yekha. Unamukwirira m'njira ya madzi. Lero pakadapanda ine bwenzi ali mu Mupfure. Tasiya.”

“Ndakuitanani kuti mundithandize, osati mundibere.”

Anakokana mpaka pakhomo. Akimu anakakamira, ndipo Obadiya anatola fosholo namumenya ndi mpini m'nthiti. Akimu anagwa, mpweya ukukana kulowa. Obadiya anamuyang'ana pang'ono, kenaka anasenza bokosi napita nalo ku msasa wake.

Akimu anagona pamphasa masiku angapo, akulephera kutembenuka. M'mawa ankapeza chikho cha madzi pakhomo, koma woikayo sankalowa kapena kufunsa kanthu. Zitini zinkadzaza popanda woziwerenga. Mvula itakata, madzi atatsika kufika m'chiuno, Obadiya anasenza bokosi pamutu nawoloka. Akimu anakwawira pakhomo ndipo anamuona akutuluka tsidya lina, akulowera njira ya ku Selous. Anayesa kumuitana, koma chifuwa chinatulutsa chitsokomolo chokha.

Tsiku lotsatira lole inafika, itamangidwa matcheni ku mateyala. A Hoskins anali atamva za chigumulacho ndipo ankafuna manambala ake. Anapeza thabwa palibe, makadi ali oyera. Anakalipa m'Chingerezi ndi m'Chilapalapa, akufunsa kuti anthu awiri ankachita chiyani tsiku limene kampani inkalifuna koposa masiku onse. Akimu anawauza zonse. Anati mnzake uja waba mafupa a mkazi wake ndipo ali nawo pa msewu.

Mzunguyo anasiya kukalipa. Nkhani ya mtembo pa malo a kampani sanaifune. Anati imeneyi ndi ya polisi, ndipo anamukweza Akimu pa lole. Njira yonse ya ku Hartley, lole ikadumpha nthiti zinkamubaya, koma mtima unali utakhala pansi. Ankaganiza kuti apolisi amugwira Obadiya, amubwezera iye bokosilo, ndipo abwerera nalo ku phiri.

Apolisi anamugwiradi Obadiya madzulo omwewo pa Selous, atakhala pambali pa sitolo kudikira basi ya ku Gatooma, bokosi lili pakati pa miyendo. M'mawa mwake anawaimika onse awiri mu ofesi ya polisi ku Hartley, bokosi lili pa tebulo. Mkulu wa apolisi anali mzungu, ndipo wapolisi wachikuda ankamasulira m'Chishona, chimene onse awiri ankamva.

Anamufunsa Obadiya ngati anali ndi chilolezo chofukula mtembo ndi kuyenda nawo. Analibe. Anatembenukira kwa Akimu namufunsa pepala la ukwati. Akimu anati anawakwatitsa ndi shehe. Anamufunsa kuti imfayo anakainena kwa yani wa boma. Akimu anati mtsinje unali utadzaza. Anamufunsa kuti nanga utatsika.

“Ndani anaona mkaziyu akudwala?” anafunsa womasulira.

“Tinali awiri basi.”

Obadiya, amene anali womangidwa maunyolo, anatembenuka namuyang'ana Akimu. “Mwandigulitsa kwa apolisi chifukwa cha mlongo wanga?” Kenaka analankhula kwa womasulira m'Chishona chomveka bwino. “Lembani kuti anamupha ndi iyeyu. N'chifukwa chake ankabisa manda.”

“Mukudziwa kuti ndi bodza,” anatero Akimu.

“Ndikudziwa chiyani ine? Ndinaliko?”

Mawu amenewo analembedwa. Akimu naye anatsekeredwa, ndipo bokosi linatumizidwa kwa dokotala wa boma kuti aone ngati mafupawo ali ndi bala. Awiriwo anakhala m'ndende imodzi. Masana akaidi akatulutsidwa kukawothera dzuwa, wina ankakhala ku khoma ili, wina ku khoma lina. Kunali amuna ena a ku Nyasaland mkatimo amene anayesa kuwayanjanitsa, koma Obadiya anawauza kuti asamale milandu yawo.

Patapita masabata dokotala anati sanapeze chosonyeza kuti mkaziyo anaphedwa. Apolisi anamudzudzula Akimu chifukwa chosanena imfa, namutulutsa. Obadiya anaweruzidwa kukhala miyezi ingapo m'ndende chifukwa choyenda ndi mafupa a munthu popanda chilolezo ndi kuvulaza mnzake.

Akimu atangotuluka anabwerera pa tebulo paja kukapempha bokosi. Womasulira uja anapita kukafunsa, nabwera osafulumira. Anati popeza panalibe pepala losonyeza kuti mwini mafupawo ndani, ndipo opempha onse awiri anali m'ndende, akaidi anakawakwirira kale ku malo oikako anthu opanda abale, kuseri kwa lokeshoni. Akimu anapita kumeneko wapansi. Anapeza munda wa udzu wautali, wopanda mtanda kapena mwala. Mlonda wa ndende amene anaperekeza akaidiwo anati sakumbuka bwino, tsikulo anaika anthu angapo. Anatambasula mkono nazunguliza dera lonse la kumunsi. Akimu anayenda m'udzumo mpaka miyendo inalema, kenaka anaima pakati napemphera.

A Hoskins anamutenganso, poti panalibe wina wofuna kukhala ku mapiriko. Anaimika thabwa latsopano, lalitali kuposa loyamba, ndipo anamupatsa bulu woti azikwera popita ku zitini zakutali. Akimu anayeza mvula zaka zina ziwiri. Mu 1958 kampani inaona kuti Nyagambe amalusa kwambiri m'dzinja koma pofika Ogasiti amakhala mchenga, ndipo inasiya za damu. Lole inabwera kudzazula zitini.

Ku Gatooma Akimu sakadabwerera. Obadiya atatuluka m'ndende anapeza malo ake a ku fakitale atapatsidwa wina, nayamba kusenza matumba pa siteshoni ya sitima. Kulikonse kumene ankakhala, ku tchalitchi, ku maliro, ankanena kuti Mchawa uja anamudyera mlongo wake kawiri, wamoyo ndi wakufa. Ambiri anamukhulupirira. Choncho Akimu anakhala ku Hartley, nabwereka makina osokera, nakhala pa khonde la sitolo ya Mmwenye kusoka zigamba. Anali atawonda kwambiri, ndipo makasitomala ankaima patali akayamba kutsokomola.

Anamwalira mu Juni 1959, nthawi yozizira. Masiku amenewo anthu a ku Nyasaland ankathandizana kukumba manda osayang'ana kuti womwalirayo ankapemphera kuti. A Filimoni, mkulu wa bungwe la maliro ku Gatooma, anayenda kuuza amuna kuti akwere basi ya ku Hartley. Anamupeza Obadiya pa siteshoni, akutsitsa matumba a chimanga mu ngolo ya sitima.

Obadiya anamvetsera mpaka a Filimoni anamaliza, thumba lili paphewa.

“Loweruka ndili ndi ntchito,” anatero.

“Maliro ndi lero, a Obadiya. Asilamu sagoneka mtembo. Ndipo kaya munadana bwanji, munthu uja analibe wina wom'tcha m'bale kuno.”

“Leronso ndili ndi ntchito.”

A Filimoni anaima kanthawi, chipewa chili m'manja, akudikira kuti mwina anenanso china. Kapitawo anaitana, ndipo Obadiya anapita ndi thumba lake ku mulu. A Filimoni anavala chipewa nathamangira basi.